Mpande ya Mfumu ndi Cikwama ca ku Paris

Caka ndi caka, pa Loweruka lotsiriza la mwezi wa August, mseu wopatuka pa Great East Road kunka ku Mkaika udzala ndi anthu. Alipo a ku Katete komweko, a ku Sinda, a ku Vubwi ndi a ku Chadiza. Alipo odza pa magalimoto kucokera ku Lusaka. Alipo a ku Malawi ndi a ku Mozambique, onse kudzaona mafumu a Acewa alikulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Mwambo umenewu unaima zaka zambiri m'nthawi ya atsamunda, nuyambanso m'caka ca 1984. Za magule ace ndi za mau a akuluakulu omvera amazimva kawirikawiri. Nkhani ya lero iri ya zinthu zina zimene maso a munthu ali yense aziona tsiku limenelo, ngakhale pakamwa sipazichula, ndizo zokometsera zimene anthu aonjeza pa zobvala zao.

Munthu akaima pambali pa bwalo adzaona mai wa ku Lusaka atamanga duku lace mwaluso, ndolo zonyezimira ziri m'makutu, magalasi akuda ali kumaso, ndipo pamkono pali cikwama colembedwa dzina la sitolo ya ku Paris kapena ya ku Milan. Adzaona bambo wa wochi yaikulu, wa lamba wa citsulo cowala pamimba, wa nsapato zosongoka zimene pfumbi la August layamba kale kuzicita cipongwe. Pafupi pao padzapita anamwali, mikanda itakuta khosi ndi cifuwa. Ndipo mwini tsikulo, Kalonga, atuluka atabvala zoyera, zopanda dzina la sitolo iri yonse. Zokometsera zonsezi sizifunda thupi, siziletsa mphepo kapena mvula. Nchito yace ndiyo kunena: ziuza woona kuti wobvalayo ndani, acokera kuti, ndipo ali ndi ciani. Tsono funso liri apa: kodi zimene zinenazo nzoona?

Kale m'dziko la Undi zinanena zoona, pakuti panali lamulo. Undi anasiyana ndi Kalonga wa ku Mankhamba, pafupi ndi nyanja ya Malawi, nakamanga mzinda wace ku Mano, m'dziko limene tsopano liri cigawo ca Tete. Mpando wace unasamukira ku dera la Katete m'zaka za m'ma 1930. Masiku a ku Mano, mlenje akapha njobvu, mnyanga umene unagunda pansi unali wa mwini dziko. Cikopa ca mkango ndi ca nyalugwe cinapita kwa mfumu, pamodzi ndi nthenga zofiira za mbalame ya nkulukulu. Munthu wamba sakadatha kuponya cikopa ca nyalugwe paphewa ndi kuyenda naco pamudzi, ngakhale anali iye mwini amene analasa nyamayo ndi mkondo wace. Kutero kukadakhala kudzinenera ufumu, ndipo mlandu wace sunali wolipa ndi nkhuku. Kulamba kwenikweni kunali komweku: mafumu ang'ono kudza ndi zinthu zaulemu izi kwa Undi, ndi Undi kuwagawira nsalu ndi mikanda zimene anagula ndi minyangayo. Dzina lakuti Gawa likumbutsa za kugawa. Cotero cokometsera cinayenda ndi mwambo. Cinakwera kwa mfumu ngati mtulo, nicitsika kwa anthu ngati mphatso, ndipo wocibvala anali ndi mboni zodziwa kumene anacitenga.

Zimenezi siziri nthano za pamoto cabe. Katswiri wa ku Malawi wofukula zakale, Yusuf Juwayeyi, anakumba pa Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, napeza mikanda yagalasi yambirimbiri yocokera kutsidya la nyanja, zidutswa za mbale za ku China, mphete ndi zibangiri zamkuwa, ndiponso zibenthu za minyanga zimene zinagwa pamene amisiri anali kusema makoza. M'caka ca 1616 Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, pa ulendo wace wapansi wocokera ku Tete kunka ku Kilwa, anaceza kwa Muzura, mfumu ya Amaravi, ndipo pakati pa mphatso zimene anatsegulira nazo njira panali nsalu ndi mikanda. Apwitikizi a ku Tete atamva za golidi wa m'dziko la Undi pakati pa zaka za m'ma 1700, anadza ndi katundu yemweyo.

Koma umboni woposa wonse uli m'Zambia momwemo, pa citunda cochedwa Ingombe Ilede, pafupi ndi pamene mtsinje wa Lusitu uthira m'Zambezi. M'caka ca 1960 anchito a boma anali kukumba maziko a thanki ya madzi a anthu amene anasamutsidwa cifukwa ca damu la Kariba, ndipo makasu ao anagunda manda. Akatswiri J. H. Chaplin ndi Brian Fagan anafukula malowo. Pakati pa citunda anapeza mafupa a anthu owerengeka, oikidwa ndi mikanda yagolidi m'khosi, zigwinjiri zamkuwa zokuta mikono ndi miyendo, mitanda yamkuwa imene inayenda ngati ndalama, mikanda yagalasi, ndi zipangizo zokokera waya. Mkuwawo unasunga tizidutswa ta nsalu yathonje imene anakulunga nayo mitembo. Kumbali kwa citunda kunali manda ena ambiri a anthu oikidwa pafupifupi opanda kanthu. Kuyesa kwatsopano kwa tizidutswa ta nsaluto, kumene kunalengezedwa m'caka ca 2017, kuonetsa kuti olemerawo anaikidwa m'zaka za m'ma 1500 kapena pafupi ndi pamenepo, ndiyo nyengo imene ufumu wa Amaravi unali kukula. Ndipo pakati pa cuma conseco panali zigoba za nkhono ya kunyanja yamcere, cimodzi ca izo cokutidwa ndi golidi kumbuyo kwace. Apa mpofunika kuima pang'ono. Golidi anaikidwa kumbuyo ngati wotumikira, ndipo nkhono inaikidwa kutsogolo ngati mwini ulemu.

Nkhono imeneyi ndiyo mpande, imene Ashona aicha ndoro. Ipezeka m'nyanja yaikulu ya India. Mmisiri anadula tsinde la cigobaco, nalipera pamwala kufikira litasalala ndi kuyera ngati mwezi, mzere wace wozungulira ulikuoneka kucokera pakati kunka kumphepete. Kenaka anaboola napisamo cingwe. Zina anazidula kuti zikhale za ngondya zitatu. Kugombe la nyanja mwana akhoza kutola cigoba cotere naponyera mnzace posewera. Koma kuti cifike kumtunda cinayenera kuyenda miyezi yambiri pamitu ya amtengatenga, kupyola m'maiko a mafumu ambiri, yense wofuna msonkho wace wa njira, ndipo mtsinje uli wonse umene cinaoloka unaonjeza mtengo wace.

David Livingstone anauona mtengo umenewu m'mwezi wa January 1854, pamene anali mlendo wa Shinte, mfumu ya Alunda, kumpoto ca kumadzulo kwa Zambia. Analemba kuti mfumuyo inalowa m'hema mwace, nitseka pakhomo kuti anthu ace asaone kuolowa manja kopyola muyeso, nitulutsa m'zobvala mkanda wokhala ndi mpande, nimbveka mlendoyo m'khosi. Anthu anamuuza kuti mpande ziwiri zinali kugula kapolo, ndi kuti zisanu zinali mtengo wabwino wa mnyanga wa mapaundi 10. Mau akuti kapolo asadumphidwe msanga. Zokometsera za masiku aja zinalipidwa ndi anthu amoyo. Mikanda ndi nsalu za merekani ndi biriwita zimene Acikunda, Ayao ndi Aluya anadza nazo m'zaka za m'ma 1800 zinacotsa ana m'midzi yambiri ya Acewa, ndipo wofuna kutama zakale ayenera kukumbukanso zimenezo.

Cimene cinacepsa mpande koposa zonse ndico nkhungu ya m'fakitale. Amalonda ataona kuti kacigoba kali ndi mtengo wotere, mafakitale a ku Ulaya anayamba kuumba mpande za dothi loyera la mbale ndi zagalasi, zofanana zonse, nazitumiza mabokosi ambirimbiri. Zinali zoyera kuposa zenizeni, zozungulira bwino kuposa zenizeni. Koma mpande yopezeka kwa wamalonda ali yense, yogulidwa ndi yense wokhala ndi makobiri, siinganenenso kuti wobvalayo ndi mfumu kapena bwenzi la mfumu. Akulu odziwa anatha kusiyanitsa, pakuti yeniyeni iri ndi mzere wosalingana monga inakulira nkhonoyo, ndipo zenizenizo zinatsala m'mitanga ya mafumu ndi ya asing'anga. Pabwalo, kwa munthu woona ali patali, ciyankhulo ca mpande cinasokonezeka.

Caka comweco ca 1854, pamene Shinte anali kutseka hema, mmisiri wina wa mabokosi a paulendo, dzina lace Louis Vuitton, anatsegula sitolo yace ku Paris. Mabokosi ace anachuka, ndipo posacedwa ena anayamba kupanga ofanana nao. Mwana wace Georges, pofuna kuletsa onyengawo, m'caka ca 1896 anasindikiza pa nsalu yokutira mabokosi zilembo ziwiri, L ndi V, pamodzi ndi timaluwa. Zilembo zimenezi ndizo zioneka pa zikwama m'misika yambiri ya Zambia lero, ndipo nzoseketsa ndithu kuti cizindikiro copangidwira kuletsa akuba ciri tsopano pakati pa zobedwa koposa pa dziko lonse lapansi.

Eni masitolo otere aidziwa bwino nzeru imene Undi anaidziwa, yakuti cinthu cikaculuka ulemu wace utha. Kampani ya Hermès, imene inayamba m'caka ca 1837 ndi kusoka zomangira akavalo, iri ndi cikwama cochedwa Birkin, cimene cinaganiziridwa m'caka ca 1984. Cikwama ciri conse cisokedwa ndi manja a mmisiri mmodzi, ndipo kawirikawiri munthu sangangolowa m'sitolo ndi ndalama zace natuluka naco. Ayenera kudikira kufikira eni sitolo atamuyesa woyenera. M'mwezi wa July 2025 cikwama coyamba ca mtundu umenewu, cakale ndi cokandikakandika, cinagulidwa pa msika wa Sotheby's ku Paris ndi mayuro 8.6 miliyoni. Cikopa cace cokha sicikadaposa mtengo wa ng'ombe imodzi ya ku Katete. Kusiyana kwace nkwakuti kwa Undi wosankha munthu woyenera kubvala anali mfumu ndi mwambo, pamene ku Paris wosankhayo ndi wamalonda.

Pakati pa mpande ndi cikwama ca ku Paris pali mbadwo wa amuna a masutikesi, ndipo nkhalamba zambiri za pa Mkaika zidzaukumbuka. Angoni a Mpezeni atagonjetsedwa ndi Azungu m'caka ca 1898, msonkho wa nyumba unafika m'midzi yonse yozungulira Fort Jameson, imene tsopano iri Chipata, ndipo ndalama yolipira inalibe kwina kocokera koma kunchito. Anyamata anayenda pansi kuoloka Zambezi kunka ku Walale, ndiko ku Salisbury, ndi ku minda ndi migodi ya Southern Rhodesia, ena mpaka ku Joni. Pambuyo pace ena analowera ku migodi ya mkuwa. Wobwerako anadziwika akali patali: cipewa copendeka, jekete ngakhale pa dzuwa la October, tayi, wochi ya unyolo, ndodo yosema, nsapato zolira poyenda, ndi magalasi amene nthawi zina sanathandize maso konse. Ku Johannesburg m'zaka za m'ma 1950 anyamata anali kuchulana maina a zipewa za Stetson ndi Dobbs ndi a nsapato za Florsheim monga alimi achulana mitundu ya cimanga. M'sutikesi munali duku la amai, citenje ca mkazi, mpango wa apongozi ndi bulangete la atsibweni. Wopeza bwino anadza ndi njinga, kapena makina osokera a Singer, kapena wailesi ija ya Saucepan Special imene inayamba kugulitsidwa m'caka ca 1949 pa mapaundi 5.

Alipo anthu amene aseka amuna amenewa, koma kuseka kwao nkosayenera. Wochi ija inanena zoona. Inanena kuti munthuyu anakhetsa thukuta zaka ziwiri kapena zitatu m'dziko la eni, nasunga masheleni ace osamwera mowa, nakumbuka kwao. Amene sanakumbuke, mudzi unali ndi dzina lace, ndilo mchona. Ndiponso mudzi unali ndi muyeso wacewace: tsiku loyamba anthu anayang'ana cipewa, koma tsiku laciwiri anayang'ana ngati sutikesi yatsegulidwa ndi kugawidwa. Wobvala bwino wosagawa, akazi anamuimba nyimbo pamtondo. Nao a kudambwe sanagone. Pakati pa zirombo za Gule Wamkulu pali Simoni, wa nkhope yofiira ngati Mzungu wopsya ndi dzuwa, wobvala suti yansanza. Ndipo munthu wonyadira jekete lace akamuona alikubvina adziwa yekha amene alikunenedwa.

Atsogoleri a nthawi ya ufulu anadziwa mphamvu ya kanthu kakang'ono kogwira m'manja. Dr. Hastings Kamuzu Banda, Mcewa wa ku Kasungu, anabwerera ku Nyasaland m'caka ca 1958, ndipo anthu amkumbuka ndi suti yace yakuda, cipewa ca ku London, magalasi akuda, ndi lichowa m'dzanja. Kenneth Kaunda anasankha suti yopanda tayi, imene mpaka lero ichedwa ndi dzina lace, ndi kansalu koyera. Telala ali yense wa ku Katete anatha kusoka suti yotere, ndipo kansaluko nkamtengo wa mabanzi. Nkhani ya Frederick Chiluba inapita kwina. M'caka ca 2007 bwalo lalikulu la milandu ku London, pa mlandu umene boma la Zambia linasuma, linamva za masuti, malaya, ndi nsapato za zidendene zazitali zolembedwa zilembo za dzina lace, ndipo linapeza kuti madola oposa 500,000 ocokera m'thumba la boma analipidwa ku sitolo imodzi ya ku Geneva. Iye anakana zonsezo, ndipo bwalo la ku Lusaka linammasula pa mlandu wakuba m'caka ca 2009. Oweruza anasiyana maganizo. Koma cimene anthu wamba anasunga m'mitima ndi nsapato zija, pakuti munthu amene sangathe kuwerenga madola mamiliyoni adziwa mtengo wa nsapato.

Kuyambira caka ca 1991, malonda atamasulidwa, mabelo a salaula, amene ku Malawi achedwa kaunjika, anasefukira m'misika yonse. Ndipo pambuyo pace unadza katundu watsopano wa ku China ndi ku Dubai, wodzera ku Dar es Salaam, pa cipata ca Nakonde, ndi m'masitolo a Kamwala ku Lusaka. Tsono pa msika zinthu ziwiri zigona pafupi: lamba weniweni wacikopa amene mwini wace woyamba ku Ulaya anatopa naye, ndi lamba watsopano wa pulasitiki wolembedwa Gucci. Woyambayo ndi wakale, koma adzatha zaka. Waciwiriyo awala mwezi umodzi, nayamba kusupuka ngati njoka yofundula. Amai ogulitsa salaula adziwa kusiyanitsa ndi zala ndi mphuno: anunkhiza cikopa, ayang'ana msoko ngati uli woongoka, akoka zipi, ayesa kulemera kwa citsulo m'dzanja. Akulu ananena kale kuti cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere.

Kodi wogula cikwama conyenga anyengedwa? Kawirikawiri iai. Mtsikana wa ku Sinda wopereka makwaca owerengeka adziwa bwino kuti sanagule ca ku Paris, ndipo anzace adziwanso. Kumdzudzula iye nkulakwa, pakuti afuna kuoneka bwino pa tsiku la cikondwerero monga anafunira ambuye ace pa masiku ao. Bvuto liri pena. Kulamba kufika thonje ndi cimanga zitangogulitsidwa, ndipo ndalama imene iri m'nyumba nthawi imeneyo ndi yomweyo iyenera kugula mbeu ndi feteleza wa November, ndi yunifolomu ndi makope a January. Ndalamayo ikapita pa cinthu cosatha mwezi, banja lataya kawiri. Liribe cinthu colimba, ndiponso liribe ulemu umene dzina lija linalonjeza, popeza dzina lomwelo liri pamkono pa ali yense. Mpande yadothi ija yabweranso ndi nkhope yina.

Komabe si cotengera ciri conse cimene ciri cacabe, ndipo citenje ndico mboni. Nsalu imene lero iyesedwa ya Afrika yeniyeni inayamba ngati cotengera. Anthu a pa cisumbu ca Java anali ndi luso lolemba nsalu ndi phula, lochedwa batik. Mafakitale a ku Holland, monga la Vlisco la m'mzinda wa Helmond limene linayamba m'caka ca 1846, anayesa kupanga zofanana ndi makina. A ku Java sanazikonde kwambiri, koma akazi a kumadzulo kwa Afrika anazilandira, nazipatsa maina aoao, ndipo kucokera kumeneko ndi ku Congo zinafalikira m'maiko ena. Lero citenje cibereka mwana, cipita kumaliro, cimangidwa kumutu, ciperekedwa kwa apongozi, ndipo pa Kulamba cisindikizidwa ndi dzina la mwambowo. Cinasanduka ca eni dziko cifukwa iwo anacipatsa nchito ndi tanthauzo, ngakhale kuti amai odziwa nsalu saleka kutembenuza m'mphepete mwace kuti aone ngati ndi wakisi weniweni.

Latsala funso la kumene phindu lipita, ndipo apa anthu a cigawo ca kum'mawa ali ndi cifukwa coganizira. Thonje lambiri la ku Katete, Sinda ndi Chipata lituluka m'dziko lisanaombedwe nsalu. Ku Lundazi kuli miyala ya maonekedwe a madzi oyera a m'nyanja, yochedwa aquamarine; ku Vubwi anyamata akumba golidi ndi mapiki ndi mafosholo. Mgodi wa Kagem ku Lufwanyama, umene magawo 75 pa 100 ali a kampani ya Gemfields ndi 25 a boma, uli pakati pa migodi yaikulu koposa ya emerald pa dziko lonse. M'caka ca 2018 unatulutsa mwala umodzi wa makarati 5,655, wolemera kuposa kilogalamu, umene unachedwa Inkalamu. Miyala yotere igulitsidwa yosasema, yambiri isemedwa ku Jaipur m'dziko la India, niikidwa m'mphete ndi m'ndolo zokhala ndi maina a masitolo a kutali. Njira yace ndi yomwe ija ya mnyanga wa ku Mano: caciwisi cituluka, copsya cilowa ndi mtengo wina. Mnyanga wokha ndiwo njira yace inatsekedwa. Njobvu zitacepa koopsya m'cigwa ca Luangwa ndi m'maiko ena, msonkhano wa CITES unaletsa malonda a minyanga pakati pa maiko m'caka ca 1989, ndipo khoza la mnyanga tsopano ndi cinthu ca m'nyumba yosungira zakale, kapena ca mlandu.

Ku Mfuwe, m'cigwa comweco, akazi a pa Mulberry Mongoose atenga waya wa misampha imene alonda a nyama aonjola m'chire, naudula, naupinda, naupera, napanga za m'khosi ndi zibangiri zimene alendo agula ndi kupita nazo kutsidya la nyanja. Waya wa msampha ulibe mtengo. Cogulidwa ndi luso la manja ndi mbiri ya kumene wayawo unacokera. Osula a ku Ingombe Ilede, okoka waya wamkuwa aja, akadaizindikira nchito imeneyo akadauka.

Luso lotero liriponso pafupi ndi Mkaika, koma liribe dzina. Kulamba kukayandikira, makina a atelala a m'makonde a masitolo a ku Katete sapuma. Telala ayesa munthu ndi tepi yace, adula citenje kuti maluwa a nsalu akomane bwino pamsoko, asoka diresi ndi duku lace, nthawi zina ndi kacikwama ka nsalu yomweyo. Cobvala cimeneco ciri ca munthu mmodzi yekha, cosokedwa ndi mmisiri mmodzi, monga cikwama cija ca Birkin. Komatu pakolala pace sipalembedwa kanthu. Dzina la Gucci lidziwika mpaka ku Vubwi, pamene dzina la telalayo lidziwika ndi osoketsa ace okha.

Pali cokometsera cimodzi cimene malonda onsewa sanacisinthe. Mtsikana wa Cicewa akatha msinkhu, anamkungwi amlangiza m'cinamwali, ndipo pa tsiku lotuluka abvekedwa mikanda, ina ya kumutu yolendewera pankhope, imene ichedwa timbwidza. Imeneyo ndiyo ioneka pabwalo. Koma ya m'ciuno ndi ina. Aitunga ambuye ace kapena mai wina wacikulire wa pabanja, ndipo siionetsedwa kwa anthu. Woiona ndi mwamuna wace yekha. Mikanda yeniyeniyo ndi yacilendo monga inaliri kale: ya masiku a Bocarro yambiri inacokera ku India, ya masiku a Livingstone ku Venice ndi ku Bohemia, ndipo ya lero icokeranso m'mafakitale a kunja, nigulidwa pa msika pa mtengo wocepa. Koma kasanjidwe ka mitundu, yofiira apa, yoyera apo, yakuda pakati, ndi kuculuka kwa zingwe, ndi za wotungayo ndi mdzukulu wace. Atunga madzulo pakhonde la kuseri, mikanda iri m'mbale kuti isamwazike, ulusi wolimba uli pabondo. Ndipo mwana wamwamuna akayandikira kudzasuzumira, amuuza kuti apite akatsekere mbuzi.